Duwa lachikasu limene ndinagulitsa ndisanadziwe dzina lake

Ndinafika ku Joni mu 2016 kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo ntchito ya m'mayadi anandiphunzitsa ndi amalume anga amene anabwera kuno kalekale. Anandionetsa kagwiridwe ka makina otchetchera kapinga, kadulidwe ka marozi mu Julayi, kuphimba mbande chisanu chikamagwa, ndi kuthirira m'mamawa dzuwa lisanakwere. Chimene sanandiphunzitse, poti iwonso sankachidziwa, ndi mayina a zomera. Tinali ndi mayina athuathu. Agapanthus tinkati "abuluu aja", clivia tinkati "apamthunzi", ndipo chilichonse cha masamba aatali osongoka ngati mpeni tinkangoti iris. Kwa zaka 6 zimenezi zinandikwanira. Zimene zinachitika pambuyo pake ndikulembera makamaka inu anzanga ogwira m'mayadi a ku Randburg, Fourways, Northcliff ndi kwina, amene mumanyamula mbewu kuchoka yadi ina kukabzala yadi ina monga ndinkachitira ine.

Nthawi imeneyo ndinkagwira masiku atatu pa sabata panyumba ina ku Randburg. Kuseri kwake kunali kadziwe ka nsomba, ndipo m'mphepete mwake munamera chitsamba chachikulu cha masamba osongoka aja, chimene eni nyumba anachipeza chilipo kale pogula nyumbayo. Mu Julayi 2022 abwana anati ndichipatulire chifukwa chinkadya malo a madzi. Ndinavala magambutsi n'kulowa ndi fosholo. Pansi pake mizu inali italukana ngati mphasa, yonenepa ngati jinja wamkulu, ndipo pamene fosholo yadula pankaoneka mofiirira, mtundu wa pinki. Mtunduwo ndinauona bwinobwino, koma sunandiuze kanthu. Ndinadzaza matumba atatu, abwana n'kuti ndikataye.

Sindinataye. Loweruka lililonse ndinali ndi ganyu kwa mayi wina wachikulire pampanda wa nyumba zambiri, ndipo kumunsi kwa yadi yawo kunkadutsa ngalande yothira madzi mu kamtsinje. Mayiwa anali atandiuzapo kawiri kuti akufuna maluwa amene ankawatchula kuti yellow wild iris m'mbali mwa ngalandeyo, koma ku nazale anawapeza okwera mtengo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimbira amalume.

"Amalume, iris wa maluwa achikasu uja, amene amabzala m'mbali mwa misewu, ndi yemweyu wa padziwe?"

"Masamba ake ndi osongoka, mphwanga? Maluwa achikasu?"

"Abwana akuti achikasu."

"Ndi yemweyo basi. Wapadziweyo wangonenepa ndi madzi."

Sindikuwaimba mlandu amalume. Iwo chomeracho sanachione, anayankha zimene ine ndinawafotokozera, ndipo ine ndinafunsa mwa njira yoti andivomereze chifukwa mumtima ndinali nditawerengera kale ndalama. Ndinadula zidutswa 40, chilichonse R15, mayi aja n'kundipatsa R600. Ndalamayo ndinatumiza kumudzi ya feteleza.

Usiku wa tsiku lokumbalo m'manja ndi m'mikono munayabwa ngati ndakhudza chitedze, khungu n'kutuluka totupa tofiira kwa masiku anayi. Ndinaganiza kuti ndi madzi a m'dziwe. Pambuyo pake ndinadzamva kuti utomoni wa chomerachi umawenga khungu la anthu ena. Mukamakumba chomera chimene simukuchidziwa, valani magulovesi ndi malaya a manja aatali, ngakhale kutenthe.

Cholakwa changa choyamba chinali kutchula dzina chomera chimene chinalibe duwa. Mu Julayi kuno kumakhala kouma, chisanu chikugwa, ndipo zomera zambiri za masamba osongoka zimaoneka ngati za mayi mmodzi. Ndikanadikira miyezi itatu yokha, duwa likanandiyankha lokha.

Linayankhadi mu Okutobala, koma ine ndinatseka makutu. Maluwa amene amabzala m'misewu ndi m'malo oimika magalimoto ndimawadziwa: duwa lake ndi lathyathyathya ngati kambale, lachikasu chotuwa ngati batala, ndipo pakati pali madontho atatu akuda. Langali linali lina. Chikasu chake chinali chowala ngati yolki ya dzira la nkhuku ya lokolo. Masamba atatu aakulu a duwalo ankalendewera pansi ngati malilime, okhala ndi timizere takhofi, ndipo atatu aang'ono ankaima chilili. Ndinaima pamenepo ndi payipi m'manja mtima ukugunda. Ndinajambula chithunzi chimodzi chapamwamba n'kuika mu kapulogalamu kena ka pa foni kotchula mayina a zomera. Kanalemba mawu oti Iris ndi mawu ena aatali pambuyo pake. Ndinangowerenga oyambawo, ndinati ndiye yemweyo, n'kubweza foni m'thumba. Mayi aja anali okondwa, ankaitana anzawo kudzaona, ndipo ine sindinafune kuwononga chisangalalo chawo, komanso sindinafune kubweza R600.

Maluwa atafota panatuluka zibalobalo zobiriwira, zazitali, za nthiti zitatu, zooneka ngati therere lobala. Zitauma zinang'ambika, ndipo mkati mwake munali njere zakhofi zathyathyathya zosanjikizana ngati makobidi. Ndinazisiya. Mvula ya ku Joni mukuidziwa, imabwera masana ndi mabingu ndi matalala, ngalande n'kudzaza pa mphindi zochepa. Njere zija zimayandama pamadzi. Chaka chimenecho zinapita zochepa poti maluwa anali ochepa, koma pofika dzinja la 2023 zidutswa 40 zija zinali zitagwirana n'kukhala mpanda umodzi wotalika masitepe anga 25, wofika m'chiuno, ndipo madzi a m'ngalande anayamba kuyenda movutikira.

Loweruka lina mu Novembala 2023 ndikupalira, kunabwera bambo wina wa m'komiti ya anthu okhala m'deralo amene amayeretsa kamtsinje kaja. Anali atapeza timbande tachilendo kumunsi kwa mlatho ndipo anatsatira ngalande mpaka kufika pa yadi yathu. Anafunsa amene anabzala. Mayi aja anandiloza mwachimwemwe, akuganiza kuti akundiyamikira. Bamboyo anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi cha duwa lomwelo, pansi pake palembedwa Iris pseudacorus. Anati kwawo kwa chomerachi ndi ku Ulaya, kumadzulo kwa Asia ndi kumpoto kwa Africa, ndipo kuno ku South Africa chili pamndandanda wa zomera zolanda malo umene boma linatulutsa koyamba mu 2014 pansi pa lamulo loteteza zachilengedwe la 2004 lotchedwa NEMBA. Chili m'gulu la 1a, kutanthauza kuti n'choletsedwa kubzala, kugulitsa kapena kupatsa munthu, ndipo pamene chapezeka chiyenera kuthetsedwa. Chikalowa m'dambo chimapanga mphasa ya mizu ija, n'kuthamangitsa bango ndi zomera zina za pamalopo, n'kutseka njira ya madzi.

Mlendo aliyense kuno akamva mawu oti lamulo m'mimba mumatentha, kaya mapepala ake ali bwino kaya ayi. Ine miyendo inalefuka. Ndinaona Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, m'maso mwanga chifukwa cha duwa. Koma chimene chinandipweteka kwambiri si bamboyo. Mayi aja sanakalipe. Anangonditembenukira n'kunena motsitsa kuti, "Ndinakufunsa ngati ndi yellow wild iris, unati inde." Kenako anati ndisabwerenso mpaka komiti itakumana.

Masabata atatu ndinakhala Loweruka lopanda ganyu, ndipo tsiku lililonse linali R350. Kuchipinda chathu ku Cosmo City ndinkangokhala duu. Ndinkati mwina bambo uja walakwitsa, mwina akungofuna kundichotsa ntchito poti ndine Mmalawi. Mkazi wanga ndi amene anandidzutsa.

"Bambo, inu mukuti mwina walakwitsa, iye akuti sanalakwitse. Nanga inuyo mukudziwa chiyani? Pitani kumene kuli odziwa mukaone ndi maso anu. Safunsa anadya phula."

Lamulungu lotsatira ndinakwera matakisi awiri n'kumalizira wapansi kukafika ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, kuja kuli mathithi a Witpoortjie ndi ziwombankhanga zakuda. Zaka zonsezi ndinkamva anthu akuutchula koma ndinkauyesa malo a azungu okadyerako pikiniki. Umalipira pakhomo, koma kwa munthu wa ntchito yathuyi ndi sukulu, chifukwa zomera zambiri zili ndi tizikwangwani ta mayina. Chomera changacho sindinanyamule, ndipo ndinachita bwino, chifukwa chomera choletsedwa sayenda nacho m'takisi, makamaka kupita nacho kumunda ngati umenewo. Ndinangotenga zithunzi.

Sindinayende nthawi yaitali ndisanaone maluwa a m'misewu aja, achikasu chotuwa ndi madontho atatu. Pakachikwangwani panalembedwa Dietes bicolor, ndipo penapake pomwepo mawu oti Iridaceae. Mawu oti Iris panalibe. Ndinagwada pamenepo ndikufananiza ndi zithunzi za mufoni, mpaka agogo ena aamuna amene ankayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu pakhosi anaima n'kundifunsa chimene ndikufuna. Ndinawauza nkhani yonse osabisa, ndi ya R600 yomwe. Anakhala nane pabenchi kuposa ola limodzi.

Anayamba ndi duwa la Dietes lomwelo. Anati ndisathothole, ndingoliweramira. Anandiwerengetsa masamba a duwa: 6, atatu akunja ndi atatu amkati. Pakati pali tinthu titatu tooneka ngati timasamba tina tating'ono. Anandipatsa kaudzu kuti ndinyamulire kamodzi pang'onopang'ono, ndipo kunsi kwake kunabisala kachingwe kamodzi konyamula mungu. Ndinanyamula kachiwiri, kachingwe kena. Kachitatu, kenanso. Tizingwe ta mungu titatu basi. Kenako tinapita pa agapanthus amene anali atayamba kumasula, n'kuwerenganso: 6. Anati clivia nayenso 6, ndipo maluwa a lily enieni 6. Atatero anatembenuza duwa la Dietes kuti ndione kunsi kwake, pamene pali kachotupa kobiriwira pakati pa phesi ndi duwa. Ameneyo ndiye thumba la njere, ndipo m'banja limeneli limakhala kunsi kwa duwa, pamene la agapanthus limakhala mkati mwa duwa. Pomaliza anandigwiritsa patsinde: masamba amatuluka mopanikizana mbali ziwiri zokha, lina kukumbatira linzake, chitsamba chonse n'kukhala chaphwatalala ngati chikupizo. Zizindikiro zitatuzi zikakumana, tizingwe ta mungu titatu, thumba la njere kunsi, masamba a chikupizo, ndiye kuti wagwira wa m'banja la Iridaceae.

Ndinati ndiye kuti ndinalondola, poti duwa langa lija nalonso lili ndi zonsezi. Anaseka pang'ono n'kuti banja ndalondola, koma banjalo lili ndi mitundu yoposa 2,000, ndipo yoposa 1,000 mwa imeneyi kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa. Gladiolus, freesia, watsonia, crocosmia, onsewo ndi a m'banja limeneli, ngakhalenso crocus amene amatulutsa safironi wokometsera chakudya.

Apa m'pamene mutu wanga unatseguka, chifukwa ndinakumbukira za kwathu. Munthu ukati ndi Mchewa wanena zoona, koma sunamutchule. Uyenera kudziwa mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda kapena Mwale, kenako dzina lakelake. Iridaceae ndiye mtundu wonse. Dietes ndi mfunda, Iris ndi mfunda wina, Moraea winanso, Gladiolus winanso. Dzina lachiwiri lija, bicolor kapena pseudacorus, ndilo la mwiniwakeyo. Ine ndinachita ngati munthu amene wapatsidwa kalata ya a Phiri n'kukaipereka kwa a Banda poti onse ndi Achewa. Ndipo mawu aatali aja amene ndinawadumpha pafoni ndiwo anali dzina lenileni la chomeracho. Agogowo analikonda fanizoli, ndipo anandiuza kuti katchulidwe ka mayina awiriawiri kameneka anakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, ndipo Iris pseudacorus anamutcha dzina ndi yemweyo.

Kenako ananena chinthu chimene ndikanachidziwa mu 2022 sindikanalowa m'mavuto. Mfunda wa Iris kuno kulibe kwawo. Ma Iris onse enieni ndi a kumpoto kwa dziko lapansi, ndiye amene mungamupeze m'yadi ya ku Joni anachita kubwera. Zimene anthu kuno amati wild iris ndi Dietes, ndipo Dietes alipo mitundu 6 yokha, isanu ya mu Africa, umodzi wa pakachilumba ka Lord Howe kufupi ndi Australia. Si kuti Iris aliyense wobwera ndi woletsedwa. Aja okhala ndi tindevu pamalilime a duwa amagulitsidwa m'manazale popanda vuto. Koma wachikasu wokonda kuima m'madzi, wa masamba otambalala ngati zala ziwiri okhala ndi msana pakati, wa muzu wa pinki mkati, ameneyo musamukhudze musanafunse. Masamba a Dietes bicolor ndi owonda, ndipo amakhala obiriwira chaka chonse.

Anandiphunzitsanso kuyang'ana pansi. Iris wangayo ndi Dietes onse ali ndi tsinde loyenda chopingasa m'nthaka ngati jinja. Gladiolus, freesia ndi Moraea ali ndi kachibulunga kooneka ngati anyezi, koma ukakadula n'kolimba mkati monse, kopanda magawo a anyezi. Nditamva za Gladiolus ndinawauza kuti kwathu ku Dedza nthawi ya dzinja kumamera maluwa ofiira mosakaniza chikasu, osanjikizana paphesi limodzi, m'mphepete mwa minda. Anandionetsa chithunzi cha Gladiolus dalenii, ndipo analidi omwewo amene tinkathyola tili ana pobwera koweta mbuzi. Ndinakhala chete kanthawi. Banja limene linanditayitsa ganyu ku Joni ndinakulira pakati pake.

Ndinawauzanso kuti ndinkaganiza zotumiza mbewu zina za maluwa kumudzi pa basi. Nkhope yawo inasintha. Anati mu mfunda wa Moraea muli mitundu imene alimi kuno amaitcha tulp, monga Moraea pallida wa maluwa achikasu ndi Moraea polystachya wa maluwa abuluu, imene imapha ng'ombe ndi nkhosa chifukwa poizoni wake amagwira mtima. Masamba ake amaoneka ngati udzu wanthete, ndipo ziweto zachilendo pamalo ndi zimene zimadya. Tangoganizani kachibulunga kotero katafika kudimba kwa mayi anga kumene mbuzi zimalowa. Komanso kuwolotsa zomera pachipata kumafuna chilolezo. Ndipo ife amene tinazolowera chikande, tisayese kulawa chibulunga chilichonse chokumba m'yadi.

Chinthu china chosokoneza ndi choti mayinawa amasintha akatswiri akapeza kuti chibale chinalembedwa molakwika. Dietes kale ankawerengedwa ngati Moraea. Ma tulp ena ankatchedwa Homeria mpaka mu 1998, pamene Peter Goldblatt, katswiri wa banja limeneli amene anabadwira mu Johannesburg momwemuno mu 1943, anawaphatikiza mu Moraea. Duwa lina la madontho ngati kambuku ndi njere zakuda zonyezimira, limene ndimalisamala panyumba ina, m'mabuku akale ndi Belamcanda chinensis koma kuyambira 2005 ndi Iris domestica. Ndiye bwana wachikulire akakuuzani dzina losiyana ndi la pafoni, mwina nonse mukunena chomera chimodzi. Lembani mayina onse awiri mukafufuze.

Ndisananyamuke anandiikira pafoni iNaturalist, kumene umatumiza zithunzi ndipo anthu odziwa zomera amaziona n'kuvomereza kapena kukonza dzina. Anatsindika kuti chithunzi chimodzi chapamwamba n'chosakwanira. Jambulani duwa chakumaso, chakumbali kuti thumba la njere lioneke, patsinde pamene masamba akutulukira, chibalobalo ngati chilipo, muzu wodulidwa, ndi malo amene chamera, kaya m'madzi kaya pouma. Ndinatumiza zithunzi 6 madzulo omwewo, ndipo pomatha masiku awiri anthu atatu anali atavomereza kuti ndi Iris pseudacorus. Bambo wa komiti uja sanalakwitse. Ndinachita manyazi ndi zimene ndinkamuganizira.

Sindinadikire kuitanidwa. Ndinapita kwa mayi aja ndi R600 m'envulopu, imene tinabwereka kwa alamu anga, n'kuwauza kuti ndinaona duwalo litasiyana mu Okutobala 2022 ndipo ndinakhala chete. Mawu amenewa anali olemera kutuluka kuposa ndalamayo. Komiti inagamula kuti nkhaniyo ithere pomwepo ngati ndichotsa zonse ndekha popanda malipiro, iwo apereke matumba ndi kukonza zokataya koyenera.

Ndinkayesa ntchito ya Loweruka liwiri. Inatenga asanu, kuyambira Disembala mpaka Januwale, m'matope ofika m'mawondo. Tsiku loyamba sindinakumbe n'komwe, ndinangodula zibalobalo zonse ndi sizasi n'kuziponya m'ndowa kuti njere zisagwere m'madzi. Ndikulangizani kuyambira pamenepo, chifukwa mukayamba ndi fosholo mumagwedeza chitsamba njere n'kumwazika. Kenako kukumba. Chovuta n'choti kachidutswa ka muzu kotalika ngati chala kakatsala kamaphukanso, ndiye dothi lililonse ndinkalifwanyula ndi manja ovala magulovesi, ndipo kumunsi kwa ngalande tinatchinga ndi neti kuti zoduka zisapite. Mizuyo ndinkaiyanika papulasitiki wakuda pamalo a simenti kuti iume isanalowe m'matumba. Musaiponye pa kompositi, ndipo musaisakanize ndi zinyalala za m'munda, chifukwa mukatero mwangoisamutsira kwina. Ndinafunsa ngati sindingangopopera mankhwala opha udzu, koma anandiletsa, poti pafupi ndi madzi mankhwala sapopera chisawawa ndipo ntchito imeneyo ili ndi eni ake ophunzira. Zidutswa 40 zija zinatuluka matumba 23.

Ndikawerengera, Loweruka 8 lopanda malipiro ndi R2,800, kubweza R600, magulovesi aatali ndi magambutsi atsopano R250, mankhwala opaka, matakisi ndi polowera kumunda kuja pafupifupi R150. Zonse R3,800, pofuna kupeza R600. Khirisimasi imeneyo kumudzi sitinatumize kanthu, ndipo fizi ya mlongo wanga wa Fomu 3 inachedwa mwezi wathunthu. Mayi anga nditawafotokozera pafoni sanamvetse kuti duwa lingalowetse munthu m'ngongole.

Panatsala abwana a ku Randburg, kumene kunali chitsamba chachikulu. Ndinazengereza milungu iwiri, chifukwa kuwauza kunali kuululanso kuti matumba amene anati ndikataye ndinakagulitsa. Nditawauza anakwiya, choyamba ndi ine, kenako ndi nkhani yonseyo. Anati chitsambacho chakhala pamenepo zaka zambiri osavutitsa munthu, ndipo dziwe lawo silithira mumtsinje uliwonse. Ndinawaonetsa zimene anthu analemba pa iNaturalist, iwo n'kukawerenga okha pa tsamba la pa intaneti la SANBI, bungwe la boma loona za zomera ndi zachilengedwe. Patapita sabata anandiuza kuti ndichotse, ndipo masiku amenewo anandilipira monga mwa nthawi zonse. Anandichenjeza kuti chilichonse chotuluka pageti pawo ndiziyamba ndapempha. Ntchito inapulumuka, koma kwa miyezi ingapo ankasuzumira m'chikwama changa ndikamaweruka, ndipo ndinalibe pakamwa podandaulira.

Kuphunzira banjali kunandiululiranso cholakwa china chimene ndinkachita m'mayadi onse. Dietes wa maluwa oyera akatha kumasula ndinkadula mapesi ake onse mpaka pansi kuti paoneke paukhondo, monga timachitira ndi agapanthus. Koma phesi la Dietes silifa likamasula kamodzi, limaberekanso maluwa ena pomwepo nyengo zotsatira. Ndinkadula maluwa a chaka chamawa. Tsopano ndimangothothola zibalobalo ngati eni ake sakufuna kuti timbande timere paliponse, phesi n'kulisiya mpaka litauma lokha. Oyerawa alipo awiri ofala. Dietes grandiflora ali ndi duwa lalikulu limene limakhala masiku angapo, pamene la Dietes iridioides ndi laling'ono ndipo limafota tsiku lomwelo. Ndikafuna kutsimikiza ndimamanga kaulusi paphesi la duwa limene lamasula m'mawa n'kudzaliona tsiku lotsatira.

Mayi aja anandiitananso mu Malichi 2024. Anagula okha ku nazale miphika 12 ya Dietes bicolor, uliwonse ndi kachikwangwani kake, ndipo ndisanabzale ndinawerenga tizikwangwani tonse 12 iwo akuona. Sitinabwererenso pamene tinali kale. Amandipatsabe tiyi ndi buledi nthawi ya 10, koma makiyi a geti yakumunsi amene ndinkasunga ine tsopano amasunga okha.

Njere zimene zinapita ndi madzi sizingaitanidwe. Ndinalonjeza bambo wa komiti uja kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ndikaweruka, ndizitsika ndi kamtsinjeko mpaka pamlatho wachiwiri. Mu Seputembala 2024 ndinazula timbande 11. Chaka chotsatira ndinapeza tinayi. Mwezi wathawu ndinapeza tiwiri pakamwa pa chipayipi chodutsa pansi pa msewu, tobisala m'bango, masamba atatuatatu opanikizana ngati chikupizo. Panalibe duwa loti ndiwerenge tizingwe ta mungu, ndiye ndinakumba kamodzi n'kudula muzu ndi mpeni. Mkati munali pinki. Ndinajambula, ndinaika tonse tiwiri m'thumba n'kumanga pakamwa, kenako ndinagwada m'matopemo kufufuza ndi zala ngati pali kachidutswa kotsala.